Madzi Oyera Amene Adapha Anthu ku Walkerton

Munthu akatsegula mpope n'kuona madzi akutuluka oyera mbee, kawirikawiri safunsanso kanthu. Amatunga, namwa, napatsako mwana. Chikhulupiriro chimenechi n'chachikulu ndithu, pakuti wakumwayo sadziwa kumene madziwo achokera, sadziwa amene wawasamala, ndiponso maso ake sangathe kuona tizirombo timene tingakhalemo. Nkhani ino ndi ya kamzinda kena ka alimi m'dziko la Canada, kumene chikhulupiriro chotere chidabweretsa maliro m'mwezi wa Meyi chaka cha 2000. Anthu 7 adamwalira ndipo ena oposa 2,300 adadwala, chonsecho kamzindako kadali ndi anthu pafupifupi 4,800 okha. Izi zidachitika m'dziko lolemera, lokhala ndi makina, mankhwala ndi akatswiri okwanira. Chimene chidasowa ndi kukhulupirika pa ntchito zing'onozing'ono za tsiku ndi tsiku.

Chitsime cha nambala 5

Kamzinda ka Walkerton kali m'chigawo cha Ontario, m'boma la Bruce, kumpoto chakumadzulo kwa mzinda waukulu wa Toronto. Kadamangidwa m'mbali mwa mtsinje wa Saugeen, ndipo kazunguliridwa ndi minda ndi makola a ng'ombe. Ndi malo aang'ono, oti anthu ambiri amadziwana maina ndi kumene aliyense amagwira ntchito.

Madzi a m'mipope ya kamzindako ankachokera pansi pa nthaka. Padali zitsime zitatu zoboola ndi makina, zimene ankazitchula ndi manambala 5, 6 ndi 7. Mapampu a magetsi ankakoka madzi m'zitsimezo, makina ena n'kuthiramo mankhwala a klorini, kenaka madziwo n'kulowa m'mapaipi opita ku nyumba za anthu, ku masukulu, ku chipatala ndi ku nyumba zosungirako okalamba. Ntchito yonseyi idali m'manja mwa bungwe la m'kamzindamo lotchedwa Walkerton Public Utilities Commission, limene linkayang'aniranso za magetsi.

Pa zitsime zitatuzo, cha nambala 5 ndicho chidali chosaya koposa. Chidabooledwa mu 1978, ndipo kuya kwake kudali pafupifupi mamita 15 okha. Pansi pa malowo pali thanthwe lokhala ndi ming'alu yambiri, ndipo dothi lokuta thanthwelo n'lochepa. Kumene dothi ndi mchenga zili zambiri, madzi a mvula amatenga nthawi yaitali kuti atsike, ndipo amasefeka pang'onopang'ono, tizirombo tambiri n'kufera m'njira. Koma m'ming'alu ya thanthwe madzi amathamanga ngati mu ngalande, osasefeka konse. Choipa chimene chagwera pamwamba sichichedwa kufika m'chitsime.

Ngozi imeneyi idadziwika kuyambira pachiyambi pomwe. Pamene ankayesa chitsimecho mu 1978, m'madzi mwake mudapezeka tizirombo tosonyeza kuti zonyansa za pamwamba zinkalowamo. Katswiri amene adachiyesa adalangiza kuti malo ozungulira chitsimecho atetezedwe, koma malangizo akewo sadatsatidwe. Chimene adagwirizana n'chakuti madziwo aziwathira klorini nthawi zonse, ndi kuti tsiku lililonse aziyeza kuchuluka kwa klorini wotsala m'madzimo n'kulemba m'buku. Moyo wa anthu onse a m'kamzindamo udatsamira pa pangano limeneli.

Klorini wotsala

Kuti nkhaniyi imveke bwino, n'kofunika kudziwa m'mene klorini amagwirira ntchito. Akathiridwa m'madzi, mankhwalawa amayamba kulimbana ndi chilichonse chimene apezamo: tizirombo, matope, zoola za masamba ndi ndowe. Polimbanapo iwonso amatha. Madzi akakhala oyera, klorini wochepa yekha ndiye amatha, ndipo wina amatsala. Madzi akakhala akuda kwambiri, klorini yense amathera pa zonyansazo, osatsalako ngakhale pang'ono, ndipo tizirombo timene tapulumuka timapitirira ulendo mpaka ku mpope.

Klorini wotsalayo ali ndi ntchito ziwiri. Yoyamba, ndiye kamba wa madzi pa ulendo wawo wa m'mapaipi, woti akaphe tizirombo timene tingalowe kudzera pa malo obooka. Yachiwiri, ndiye mboni. Wantchito akayeza madzi n'kupeza kuti klorini wotsala watsika mwadzidzidzi kapena watheratu, amadziwa nthawi yomweyo kuti m'chitsime mwalowa choipa, ngakhale madziwo akuoneka oyera. Kuyezako sikutenga nthawi: amatunga madzi pang'ono m'kabotolo, kuthiramo mankhwala osintha mtundu wa madzi, ndi kuwerenga kuchuluka kwake. Ku Walkerton muyeso wake udali woti pakapita mphindi 15 chithirireni mankhwala, mu lita imodzi ya madzi muzitsala theka la miligiramu ya klorini.

Pali njira inanso yotsimikizira, ndiyo yotumiza madzi ku labotale kuti akafufuze kachirombo kotchedwa E. coli. Kachirombo kameneka kamakhala m'matumbo a anthu ndi nyama, kotero kakapezeka m'madzi ndiye kuti chimbudzi kapena ndowe zafikamo. Mitundu yake yambiri sivulaza munthu, koma ulipo mtundu wina woopsa, wotchedwa O157:H7, umene umakhala m'matumbo a ng'ombe popanda kuzidwalitsa. Ukalowa mwa munthu umatulutsa ululu umene umatupitsa matumbo ndi kuchititsa kutsegula m'mimba kwa magazi, ndipo mwa ana aang'ono ndi okalamba umatha kuwononga magazi ndi impso. Kusiyana kwa njira ziwirizi n'kwakuti yankho la ku labotale limabwera patapita tsiku kapena masiku awiri, anthu atamwa kale madziwo, pamene muyeso wa klorini umayankha pomwepo.

Abale awiri

Mkulu wa bungwe la madzi lija adali a Stan Koebel, ndipo kapitawo wake adali mng'ono wawo, a Frank Koebel. Onse awiri adalowa ntchitoyi ali anyamata, m'zaka za m'ma 1970, ndipo adakwera pa maudindo chifukwa cha kukhalitsa. Pamene Boma la Ontario lidayamba kupereka ziphaso kwa oyendetsa ntchito za madzi, iwo adalandira zawo popanda kulemba mayeso, poti padali chilolezo chotere kwa anthu amene adagwira kale ntchitoyo zaka zambiri. Mapampu ndi mapaipi ankawadziwa bwino. Koma pofunsidwa pambuyo pake, zidadziwika kuti sankamvetsa kuopsa kwa E. coli, ndiponso kuti m'mitima mwawo ankakhulupirira kuti madzi a pansi pa nthaka ndi abwino ngakhale popanda mankhwala. Antchito ankamwa madzi osathira klorini pa chitsime pomwepo, ati chifukwa adali okoma kuposa a mu mpope. Anthu enanso a m'kamzindamo ankadandaula za fungo la klorini, ndipo madandaulo amenewa ankamveka msanga kuposa malamulo a m'mabuku.

Motero padakhazikika chizolowezi choipa chimene chidatenga zaka zambiri. Klorini ankathira wochepa. Masiku ambiri sankayeza klorini wotsala, koma m'buku ankalembamo manambala ooneka bwino, kawirikawiri 0.5 kapena 0.75, ngati kuti ayeza. Mabotolo a madzi opita ku labotale nthawi zina ankatungidwa pa malo ena, pa chizindikiro n'kulembapo malo enanso. Popeza padalibe amene ankadwala, aliyense adaona ngati zonse zili bwino. Bodza la m'bukumo lidasanduka gawo la ntchito, loti wolemba sankalimvanso kulemera kwake.

Oyendera a Unduna wa za Chilengedwe adafikako mu 1991, mu 1995 ndi mu 1998. Ulendo wa mu 1998 udaulula zolakwika zingapo, monga kuchepa kwa klorini ndi kupezeka kwa E. coli m'madzi ena amene adayesedwa. A Stan Koebel adalemba kalata yolonjeza kukonza zonse. Undunawo sudabwerenso kudzatsimikiza ngati lonjezolo lasungidwa, ndipo akuluakulu osankhidwa ndi anthu kuti aziyang'anira bungwelo adangokhulupirira mawu a mkulu wawo wa ntchito osafunsa zambiri. Paja akuluakulu amati safunsa adadya phula.

Mvula ya pa 12 Meyi

Chakumapeto kwa Epulo 2000, mlimi wina woyandikana ndi chitsime cha nambala 5 adathira manyowa a ng'ombe m'munda mwake. Adachita monga mwa nthawi zonse, motsata ulangizi wa zaulimi, ndipo ofufuza sadamupeze ndi mlandu uliwonse. Iye sakadatha kudziwa kuti ng'ombe zake zili ndi O157:H7 pamodzi ndi kachirombo kena kotsegulitsa m'mimba kotchedwa Campylobacter, pakuti ng'ombezo zidali zathanzi.

Kuyambira pa 8 mpaka pa 12 Meyi kudagwa mvula yochuluka, yokwana mamilimita 134, ndipo pa 12 Meyi pokha padagwa mamilimita 70. Madzi a mvulawo adatsuka munda uja, nalowa m'ming'alu ya thanthwe, nafika m'chitsime cha nambala 5. Masiku amenewo chitsimechi ndicho chinkapereka madzi ambiri ku kamzindako. Klorini wochepa amene ankathiridwa adathera pa zonyansazo.

A Stan Koebel adali atachokapo sabata imeneyo. Loweruka pa 13 Meyi ndi Lamulungu pa 14 Meyi a Frank Koebel adayendera zitsime monga mwa masiku onse. Sadayeze klorini wotsala, koma m'buku adalembamo manambala. Akadangotunga madzi m'kabotolo kaja, akadaona kuti mulibe klorini, akadazimitsa pampu, ndipo chiwerengero cha odwala chikadachepa kwambiri. Kwa masiku atatu madzi oipa adalowa m'mapaipi popanda woletsa.

Lolemba pa 15 Meyi a Stan Koebel atabwerera ku ntchito, adayatsa pampu ya chitsime cha nambala 7, ndipo cha nambala 5 chidatsekedwa. Koma makina othira klorini a pa chitsime cha nambala 7 adali atachotsedwa, atsopano asanaikidwe. Motero mpaka pa 19 Meyi kamzindako kankalandira madzi opanda klorini konse, ndipo tizirombo timene tidali kale m'mapaipi tidalibe chotipha. Tsiku lomwelo la 15 Meyi mabotolo a madzi adatumizidwa ku labotale.

Yankho limene lidabisidwa

Lachitatu pa 17 Meyi a ku labotale adadziwitsa a Stan Koebel kuti madzi ambiri amene adatumizidwawo adali oipa, ndipo m'botolo lina mudali E. coli wochuluka zedi. Kale, ntchito yoyesa madzi a m'matauni inkachitika m'malabotale a Boma, amene akapeza choipa ankadziwitsa Unduna wa za Chilengedwe, uthenga n'kufikanso kwa akuluakulu a zaumoyo. Koma mu 1996 Boma la Ontario, pofuna kuchepetsa ndalama zogwiritsa ntchito, lidasiya ntchitoyi m'manja mwa makampani, osaika lamulo lowakakamiza kuti aziulula zotsatira zoipa kwa akuluakulu a Boma. Labotale ya kampaniyo idangouza mwini madzi basi. Chinsinsi chonse chidatsala ndi munthu mmodzi.

Tizirombo timeneti timatenga masiku atatu kapena anayi m'thupi munthu asanayambe kumva kudwala. Lachinayi pa 18 Meyi zizindikiro zidayamba kuoneka. Pa sukulu ina ana pafupifupi 20 adajomba tsiku limodzi. Ana awiri a ku Walkerton adagonekedwa pa chipatala cha m'tauni ya Owen Sound akutsegula m'mimba. Dokotala wa ana pa chipatalacho, Dr. Kristen Hallett, adadabwa kuona ana awiri ochokera malo amodzi akudwala mofanana, ndipo pa 19 Meyi adadziwitsa ofesi ya zaumoyo ya m'deralo. Tsiku lomwelo kudamveka kuti matendawa alowanso m'nyumba yosungirako okalamba.

A zaumoyo adayamba kufufuza. Matenda a mtundu umenewu kawirikawiri amabwera ndi chakudya, makamaka nyama yosapsa bwino, koma odwalawa adali ana ndi okalamba amene sadadyere pamodzi. Chimene chinkawalumikiza chidali chimodzi, madzi. Pa 19 Meyi adaimbira lamya a Stan Koebel kawiri konse kufunsa ngati madzi ali bwino. Iwo adayankha mosonyeza kuti palibe vuto, osatchula za yankho la ku labotale, osatchulanso za chitsime chimene chidayenda masiku anayi popanda klorini. M'malo mwake adayamba kutsuka mapaipi mwakachetechete, kutaya madzi ambiri ndi kuthira klorini wochuluka, poganiza kuti vutolo litha anthu asanadziwe. Pa 20 Meyi adafunsidwanso, ndipo adangonena za kuchuluka kwa klorini amene adali m'mapaipi pa nthawiyo.

Apa m'pamene padali chomvetsa chisoni koposa. Munthu wotsegula m'mimba amalangizidwa kumwa madzi ambiri kuti thupi lisaume. Makolo amene adafunsa adauzidwa kuti madzi a mu mpope alibe vuto, ndipo adapitiriza kumwetsa ana awo odwala madzi omwewo amene adawadwalitsa.

Wantchito wina wa bungwe la madzilo, ataona kutsuka kwa mapaipi kuja, mtima wake sudamulole kukhala chete. Pa 20 Meyi adaimba lamya ku Unduna wa za Chilengedwe osatchula dzina lake, nanena kuti madzi a ku Walkerton adalephera mayeso. Koma a ku Undunako atafunsa a Stan Koebel, iwo adawayankha mowakhazika mtima pansi.

Chenjezo

Lamulungu pa 21 Meyi, labotale ya chipatala itatsimikiza kuti wodwala wina ali ndi O157:H7, mkulu wa zaumoyo m'deralo, Dr. Murray McQuigge, ndi anzake adaganiza zosadikiranso umboni wina. Masana a tsikulo adalengeza pa wailesi za m'deralo kuti aliyense awiritse madzi asanamwe. Anthu ena sadamve uthengawo tsiku lomwelo. A zaumoyo adatunganso okha madzi m'mipope ingapo n'kutumiza ku labotale ya Boma, ndipo pa 23 Meyi yankho lidabwera lotsimikiza kuti m'madzimo mudali E. coli. Pamene oyendera a Boma adafuna kuona mabuku a ntchito, tsamba la chitsime cha nambala 7 lidalembedwanso mwatsopano pofuna kubisa masiku amene chidayenda popanda klorini.

Munthu woyamba adamwalira pa 22 Meyi. Chipatala chaching'ono cha m'kamzindamo chidadzaza, ndipo odwala kwambiri, makamaka ana amene impso zawo zidayamba kulephera, ankawanyamula pa helikopita kupita nawo ku chipatala chachikulu cha mu mzinda wa London, wa m'chigawo chomwecho cha Ontario. Anthu 27 adagwidwa ndi vuto loopsa lija la magazi ndi impso. Pa anthu 7 amene adamwalira padali mwana wa zaka ziwiri, ndipo ambiri mwa otsalawo adali achikulire. Pa 25 Meyi Dr. McQuigge adaulula poyera kuti bungwe la madzi lidadziwa za kuipa kwa madziwo kwa masiku angapo osanena.

Masukulu adatsekedwa. Madzi akumwa ankabwera m'mabotolo kuchokera kwina. Antchito adalowa nyumba ndi nyumba kutsuka mapaipi ndi klorini, mapaipi ena akale adasinthidwa, ndipo chitsime cha nambala 5 chidatsekedwa kotheratu. Lamulo lowiritsa madzi lidachotsedwa pa 5 Disembala 2000, patapita miyezi yoposa isanu ndi umodzi. Madokotala amene adatsatira umoyo wa anthu a ku Walkerton kwa zaka zingapo pambuyo pake adapeza kuti amene adadwala kwambiri pa nthawiyo ankapezeka kawirikawiri ndi matenda a kuthamanga kwa magazi ndi mavuto a m'mimba osatherapo kuposa anzawo amene sadadwale.

Zimene woweruza adapeza

Boma la Ontario lidasankha woweruza wa khoti lalikulu la apilo, a Dennis O'Connor, kuti afufuze chimene chidachitika. Iwo adakakhazikitsa bwalo lawo ku Walkerton komweko, namva mboni zambiri, kuyambira anthu ofedwa mpaka mtsogoleri wa Boma la chigawocho pa nthawiyo, a Mike Harris. Lipoti lawo lidatuluka m'magawo awiri mu 2002.

Woweruzayo sadabise kulakwa kwa abale awiri aja. Adanena kuti a Stan Koebel akadaulula zoona pa 19 Meyi, chenjezo lowiritsa madzi likadaperekedwa tsiku lomwelo, ndipo anthu pakati pa 300 ndi 400 sakadadwala. Komabe adakana kusenzetsa anthu awiri okha mtolo wonse. Adapeza kuti chitsime chonga cha nambala 5, chimene madzi a pamwamba ankalowamo mosavuta, chinkayenera kukhala ndi makina oyeza klorini ndi kuda kwa madzi usana ndi usiku, otha kuzimitsa pampu okha zinthu zikalakwika. Unduna wa za Chilengedwe sudalamule kuti makina amenewa aikidwe, ndiponso oyendera ake sadazindikire kuti manambala a m'mabuku adali opeka. Adapezanso kuti kuchepetsa ndalama za Undunawo, kumene kudachotsa antchito oposa 750, kudafooketsa ntchito yoyendera, ndi kuti Boma lidachenjezedwa za kusowa kwa lamulo lokhudza malabotale a makampani koma silidachitepo kanthu.

Mfundo yaikulu ya lipotilo idali yakuti madzi akumwa asamadalire mpanda umodzi. Pafunika mipanda ingapo yotsatizana, kuti wina ukagwa wina utchinge. Woyamba ndi kuteteza gwero la madzi ku zonyansa. Wachiwiri ndi kusefa ndi kuthira mankhwala. Wachitatu ndi kusamala mapaipi ndi matanki. Wachinayi ndi kuyeza madzi kosalekeza. Wachisanu ndi kuchitapo kanthu msanga choipa chikapezeka. Ku Walkerton mipanda yonse isanu idali yothyoka, ndipo idakhala yothyoka zaka zambiri. Idangodikira mvula yaikulu.

Malangizo a woweruzayo, okwana 121 onse pamodzi, adabala malamulo atsopano. Lamulo la Safe Drinking Water Act la mu 2002 lidakhwimitsa za ziphaso za antchito ndi za malabotale, ndipo lidalamula kuti zotsatira zoipa ziziperekedwa msanga kwa akuluakulu a zaumoyo ndi ku Unduna. Lamulo la Clean Water Act la mu 2006 lidakhudza za kuteteza magwero a madzi. Ku Walkerton komweko kudakhazikitsidwa malo ophunzitsira anthu ogwira ntchito za madzi, otchedwa Walkerton Clean Water Centre. Mu Disembala 2004 khoti lidalamula kuti a Stan Koebel akakhale ku ndende chaka chimodzi, ndipo a Frank Koebel adapatsidwa chilango cha miyezi 9 chogwirira kunyumba, onse atavomera mlandu woika moyo wa anthu pa ngozi.

Phunziro limeneli silidafike ponseponse. Mu Ogasiti 2016, m'tauni ya Havelock North ku New Zealand, mvula yaikulu idakokolera ndowe za nkhosa m'madzi a pansi pa nthaka amene ankaperekedwa kwa anthu popanda klorini. Anthu pafupifupi 5,500 adadwala ndi Campylobacter. Kumenekonso anthu ankanyadira kuti madzi awo ndi oyera mwachibadwa.

Chaona mnzako chapita

Nkhani ya ku Walkerton ikukhudza mudzi uliwonse umene uli ndi mpope kapena mjigo, pakuti njira imene ndowe zimafikira m'kamwa mwa munthu ndi imodzimodzi kulikonse. M'Malawi muno ntchito ya madzi a m'mipope ya kumidzi idayambira ku Chingale m'boma la Zomba mu 1968, anthu akukumba okha ngalande za mapaipi ochokera m'mitsinje ya m'phiri. Ubwino wa madzi otere udadalira kwambiri mpanda woyamba uja, ndiko kuti kumtunda kwa malo otengera madzi kukhale nkhalango, kopanda minda, makola ndi nyumba. Nkhalango ikadulidwa ndipo anthu ndi ziweto akakwera kumtunda, mpope umakhala womwewo, koma madzi ake asintha. Mliri wa kolera umene udayamba mu Malichi 2022, pambuyo pa namondwe wa Ana, n'kupha anthu oposa 1,700 pofika mu 2023, udakumbutsa dziko lino kuti nyengo ya mvula ndi madzi osefukira ndiyo nthawi imene magwero a madzi amaipa msanga.

Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati m'mamililita 100 a madzi akumwa musapezeke E. coli ngakhale mmodzi. Diso silingaweruze zimenezi, lilime silingaweruzenso. N'chifukwa chake pali zinthu zimene banja lililonse liyenera kuzisunga. Madzi a mu mpope akasintha mtundu kapena fungo, makamaka mvula yaikulu itangogwa kapena paipi itaphulika, awiritsidwe mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu, kapena athiridwe klorini pa muyeso woyenera ndi kudikira mphindi 30 asanamwedwe. Madzi abwino amaipanso pakhomo ngati asungidwa mu ndowa yosavundikira, imene aliyense amaviikamo chikho ndi zala zomwe. Chimbudzi ndi khola zikhale kutali ndi chitsime, mamita osachepera 30, ndipo zikhale kumunsi kwake. Fungo lochepa la klorini siliyenera kudandaulitsa munthu, pakuti ndicho chizindikiro chakuti mlonda akadali pa ntchito.

Aphunzitsi ali ndi gawo lawo. Ku Walkerton chizindikiro choyamba cha mliri chidaoneka m'kaundula wa sukulu, pamene ana ambiri adajomba tsiku limodzi. Mphunzitsi amene waona ana angapo akusowa m'kalasi ndi matenda ofanana, n'kudziwitsa a zaumoyo tsiku lomwelo, akhoza kupulumutsa mudzi wonse. Dokotala wa ku Owen Sound uja adayamba kukayika ataona ana awiri okha.

Achinyamata otsiriza sukulu nawonso ayenera kulingalira bwino, pakuti ena mwa iwo ndiwo adzakhale alangizi a zaumoyo, oyendetsa mapampu, alembi a makomiti a madzi ndi oyeza madzi m'malabotale. Ntchito zimenezi zilibe ulemerero wooneka. Munthu amayeza madzi masiku mazanamazana n'kumapeza yankho lomwelomwelo, mpaka mtima umayamba kumuuza kuti kuyezako n'kutaya nthawi, ndi kuti kulemba nambala ya dzulo sikupweteka munthu. Abale a ku Walkerton aja sadali zigawenga. Adali anthu a m'kamzinda komweko, amene mabanja awo ankamwa madzi omwewo. Adazolowera kulemba chimene sadayeze, ndipo tsiku limene muyeso udafunikadi, m'buku mudali kale nambala yabwino.

Komiti ya madzi, mfumu ndi makolo ali ndi ufulu wofunsa kuti madzi adayesedwa liti, adayesa ndani, ndipo adapeza chiyani. Kufunsa kotere si kunyoza wantchito, koma kumuthandiza kuti asagone. Ndipo wantchito amene wapeza choipa, ngakhale chitakhala chochokera pa kulakwa kwake, anene tsiku lomwelo. Manyazi a kuvomera kulakwa amatha, koma ku Walkerton masiku awiri okha a kukhala chete, kuyambira pa 19 mpaka pa 21 Meyi, adadwalitsa anthu mazana atatu kapena anayi amene sakadadwala.